Zimene Modester Anapempha Kanayi

Magetsi anathima Fainala atangotsegula laputopu yake. A Mphepo anayang'ana babu, kenako wotchi ya pakhoma. Inali itangodutsa 10 koloko.

"Batire likwana?" anafunsa.

"Likwana, alamu, mukasiya kuliyang'anitsitsa choncho. Maso anuwo ndi amene amatha batire."

A Mphepo sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pambali pake, manja ali pamaondo. Ofesi ya Mgwirizano wa Alimi a Tiyanjane inali kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale ina pa Mtunthama, ndipo mwezi wa Okutobala malata ake ankaotcha mutu ngakhale munthu atakhala pansi. Pawindo pankaoneka zigafa zopanda fodya, ndi anthu kudambo akuthirira nazale.

Linali Lachisanu lomaliza la mweziwo, chaka cha 2013. Pa 12 koloko masana, ku Lilongwe, munthu wina amene sankamudziwa n'komwe anali woti azimitse seva, kompyuta yaikulu imene bungwe lina lothandiza alimi linawabwereka kwa zaka zinayi. Ntchito ya bungwelo inali itatha, ndipo zonse za m'sevamo zinali zoti zifufutidwe. Kalata yonena zimenezi inafika mu Julaye, sabata yomwe anaika maliro a Modester, mkazi wa a Mphepo. A Mphepo anaiika m'kabati, pansi pa makatoni a choko. Fainala, mng'ono wake wa Modester, amene ankaphunzitsa za makompyuta pa sekondale ina yoyendera, ndi amene anaipeza Lachitatu akufunafuna guluu.

M'sevamo munali ntchito ya Modester. Chaka chachiwiri cha makuponi, amayi ake anagona masiku atatu pakhonde la depoti kudikira feteleza, n'kubwerako ndi chifuwa chokha. Modester sanaiwale. Anadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu, ndipo analemba imodzi imene inkatumiza uthenga pafoni kwa alimi onse a mgwirizanowo, kuwauza kuti feteleza wafika, ndiponso tsiku limene mudzi uliwonse upite ndi makuponi ake. Kwa nyengo zitatu, palibe membala wa Tiyanjane amene anagonanso pa depoti. Laputopu ya Modester inafa mu Malichi denga litadontha, choncho pulogalamuyo inangotsala pamalo amodzi. Magalimoto a feteleza ankayembekezeka m'masabata awiri.

"Ndi ntchito ya mphindi khumi," anatero Fainala, akulumikiza kachipangizo ka intaneti. "Tikopera, mundigulira Fanta, basi."

Analemba mzere wokopera. Ntchito ya Modester inkasungidwa ndi git, pulogalamu imene olemba mapulogalamu amasungira zolemba zawo pamodzi ndi mbiri yake yonse, chilichonse chimene chinasinthidwa ndi tsiku lake. Seva inafunsa pasiwedi ya Modester. Zala za Fainala zinayenda msanga, ndipo a Mphepo anayang'ana kuwindo. Pasiwediyo Modester anauza mng'ono wake ali pabedi kuchipatala. Iwo sanawauze, ndipo iwonso sanafunse.

Yankho linabwera la mzere umodzi: git-upload-pack: command not found.

"Akuti kulibe," anatero Fainala. "Akuti chida chotumizira sichikupezeka. Iii, ndiye Modester ankagwira ntchito ndi chiyani, khasu?"

Anayesanso. Yankho lomwelo. Anayesa kachitatu, akulemba chilembo chimodzichimodzi ngati mwana wa Sitandade 1. Yankho lomwelo.

"Lowani nokha," anatero a Mphepo.

Fainala anasiya zokopera, n'kulowa m'sevamo yekha m'dzina la Modester. Atalowa anaitana git, ndipo git inayankha bwinobwino, n'kutchula nambala yake.

"Onani! Ilipo iyi! Ndikalowa ilipo, ndikakopera kulibe. Seva imeneyi ndi yachipongwe ngati mlonda wa pa esiteti."

A Mphepo ndi amene ankayang'anira sevayo. Anali atazindikira kale, kuyambira pa yankho loyamba lija, ndipo kuzindikirako kunawakhala pachifuwa ngati mtanda wa chinangwa chosapsa. Munthu akalowa yekha m'seva, seva imamulandira ngati mlendo: imayamba yawerenga fayilo ya malonje imene mwini malo anasiya, yonena kumene kuli zida zake. Koma pokopera salowa munthuyo. Amatuma. Wotumidwayo sawerengeredwa fayilo ya malonje ija. Amangoyang'ana m'nkhokwe ya anthu onse, akapeza mulibe, n'kubwerera chimanjamanja. Ndipo m'nkhokwe ya onse munalibedi git. Iwo ankadziwa bwino chifukwa chake.

"Ili kwa iye," anatero. "M'foda yake. Wotumidwa sakudziwa njira."

Fainala anawayang'ana, nsidze zili m'mwamba.

"Mawu onsewo nthawi imodzi? Alamu, samalani, mutha kuponi yanu ya chaka chino." Kenako anaganiza pang'ono n'kuwomba tebulo. "Ndamva. Ndiye n'zosavuta. Pali fayilo inanso imene wotumidwayo amawerenga. Titsegule ya malonje, titenge mzere wonena njirawo, tiuike pamwamba penipeni pa inayo. Sendererani kuno, inu ndi amene muli ndi satifiketi yoyang'anira seva."

A Mphepo sanasendere.

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Ndi katundu wa malemu."

A Mphepo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Kapelula, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anakhala pamudzi wa akazi awo. Mwambo wowasudzula unali Loweruka la sabata yotsatira, pamene a Jeremiya, mlongo wake wa Modester amene anali mwini mbumba, adzawamasule ndi kugawa katundu. Kufikira tsikulo, zitenje za Modester zinali m'sutikesi yokhoma, nsapato zake zili pomwe anazivula. A Mphepo ankasesa mozizungulira.

"Alamu, mwambowo ndi wa zovala, mbale, mbuzi. Makolo athu ananenapo za mafayilo?"

"Dzina lake lili pamenepo."

"Nanga pulogalamu tikukoperayi?"

"Imeneyo ndi ya alimi."

"Ndiye alimi akagone pa depoti chifukwa cha mzere umodzi?"

A Mphepo anangoyang'ana wotchi. Inali 10:40. Monga woyang'anira seva, iwo anali ndi kiyi yotsegula malo a munthu aliyense m'menemo. Zaka zinayi zonse sanatsegulepo malo a Modester, ali moyo ngakhale atamwalira.

Fainala anapumira m'mwamba, n'kudzipepesa ndi kope.

"Chabwino. Sitisintha kanthu. Koma kuwerenga ndiwerenga, kuti ndidziwe kumene anaibisa. Ine ndi wa mbumba yomweyi, tinayamwa bere limodzi. A Jeremiya akafuna mlandu adzandipeze. Inu tsekani maso."

Anatsegula fayilo ya malonje. A Mphepo sanatseke maso, koma anawaloza pansi, pa simenti yong'ambika.

"Nawu mzere wa njira. Anaitcha foda yake kuti zanga. Modester weniweni." Fainala anaseka. "Iii, koma analembanso zina pamwamba pake. Tamverani. 'Git ndaimanga ndekha muno mwanga, zanditengera masiku atatu. A Mphepo akuti siili pa mndandanda.' Tsiku lake 9 Febuluwale 2010." Anatembenuka. "Mndandanda wa chiyani, alamu?"

Mndandandawo unali pakhoma, kuseri kwa mutu wa Fainala, pepala lofiirira ndi fumbi. Anawapatsa ku maphunziro a masabata awiri ku Lilongwe, pamodzi ndi satifiketi ndi buku lakuda lolembamo zosintha. Wophunzitsa ananena kuti chimene sichili pa mndandanda chisaikidwe m'nkhokwe ya onse popanda chifukwa chomveka. Popanda chifukwa chomveka: mawu amenewo ankawakumbukira bwino. Modester anali ndi chifukwa. Anachifotokoza ali chiimire pakhomo lomwelo, chikwama chili paphewa, ndipo iwo anamva theka lokha la zimene ankanena. Theka linalo linali la zinthu zimene sanaphunzire ku Lilongwe, zimene mkazi wawo anazitola yekha m'miyezi isanu ndi umodzi. Analoza pepala pakhoma. Kunali kosavuta kuloza pepala.

"Pali zina," anatero Fainala, ndipo anasintha mawu kutengera mkulu wake, mokweza mphuno. "'Ndapemphanso. Akuti tiona. Ku Kapelula akati tiona ndiye kuti nkhani yafera pomwepo.' Hede! Ameneyu ankakudziwani. Tamverani iyi. 'Kachitatu. Ndinawaphikira dala nkhwani wotendera. Adya, anyambita zala, akana.'"

Fainala anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Mphepo anaukumbukira nkhwaniwo. Anakumbukira kuti tsikulo Modester anawathira madzi osamba m'manja yekha, akumwetulira, ndipo iwo anadziwa kuti pali chimene chikubwera, n'kukonzeratu yankho asanadye.

"Yomaliza," anatero Fainala, akupukuta misozi ya kuseka. "Ya chaka chatha, mu Novembala. 'Kachinayi. Lero sanayankhe n'komwe. Basi, sindipemphanso.'"

Mawu otengera aja anatha. Anawerenga zotsalazo ndi mawu akeake, pang'onopang'ono.

"'Amene udzagwire ntchitoyi pambuyo panga: pokopera uzilemba njira yonse yofikira muno, apo ayi seva idzakuuza kuti kulibe. Ine ndimalemba choncho nthawi zonse, ndinazolowera. Usawavutitse. Amaopa kuwononga cha eni, ndi mmene alili.'"

M'chipindamo munangomveka malata akuthetheka ndi dzuwa. Kugolosale wina ankakangana ndi wogulitsa za sopo. Njinga inadutsa, belu lake likulira lokha m'mabampu.

Fainala anakonza pakhosi.

"Watiuza yekha chochita," anatero motsitsa. "Ndingolemba njira yonse pa mzere wokopera. Sitikhudza chilichonse chake."

Anayamba kulemba. Mzerewo unali wautali, unafika kumapeto kwa sikirini n'kupindikira pansi. A Mphepo anakweza maso n'kuuona ukukula. Anaona zala za Modester zikulemba mzere womwewo, pa tebulo lomweli, iwo atakhala pa mpando womwewu akuwerenga nyuzipepala ya dzana.

"Dikirani," anatero.

"Alamu, ili 11 koloko."

"Ndipatseni."

Fainala anachotsa manja pa laputopu, n'kuikankhira kwa iwo.

A Mphepo analowa ndi kiyi yawo. Ankalemba ndi zala ziwiri, mosathamanga, ngati munthu wowokera fodya. Anauza seva kuti itenge git kumene imatenga mapulogalamu, iyiike m'nkhokwe ya onse. Mawu ake anali anayi okha. Anadina.

Seva inayamba kufunafuna. Inadikira, n'kudikirabe. Kachizindikiro ka batire kanatsika. Kenako panatuluka mizere yambiri yofanana, uliwonse ukunena kuti sizinapezeke. Anayesanso, ndipo Fainala anawerama n'kuwerenga.

"Sevayi ndi yakale, alamu. Kumene inkatenga mapulogalamu anatsekako. A mtundu wake sakuperekanso."

"Liti?"

"Kaya. Mwina chaka chatha, mwina chaka chino. Kale zikanatheka."

A Mphepo anayesa kachitatu. Thukuta linatsika m'khosi mwawo kulowa mu kolala.

"Ili 11:20," anatero Fainala, ndipo nthabwala zinali zitamuthera. "Batire latsala pang'ono. Netiweki ya kuno mukuidziwa. Mukufuna kumupepesa, ndamva, koma mukumupepesa ndi ntchito yake yomwe. Ikafufutika mudzawauza chiyani amayi a mu mgwirizanowu? Bwezani kuno."

Anatambasula dzanja. A Mphepo anagwira m'mbali mwa laputopu.

"Mzere umodzi."

"Mwanena kale zimenezo ndi maso."

"Umodzi."

Sakanathanso kubweretsa git yatsopano. Imene inalipo m'seva yonseyo inali imodzi, yomanga Modester masiku atatu. Koma nkhokwe ya onse inali m'manja mwawo, ndipo m'menemo akanatha kuikamo cholozera, kanthu kopanda kalikonse m'kati kongonena kuti chimene ukufunacho chili uko. Anafunsa Fainala njira ija, ndipo iye anaitchula chigawo ndi chigawo: dzina la Modester, kenako foda ija yotchedwa zanga, kenako foda ya zida. A Mphepo analemba dzina la mkazi wawo ndi zala ziwiri. Sanalowe m'malo ake, sanasunthe kanthu. Anangoimika cholozeracho panja, pomwe wotumidwa aliyense amayambira kuyang'ana. Anadina. Seva sinanene chilichonse, monga imachitira zinthu zikayenda.

Anabweza laputopu.

"Wamfupi uja," anatero.

Fainala anafufuta mzere wautali, n'kulemba wamfupi umene anayamba nawo. Pasiwedi. Kudikira. Kenako manambala anayamba kuyenda.

"Yayamba! Alamu, yayamba!"

Inkayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa. Inafika pa 30 n'kuima. Fainala ananyamula laputopu n'kukaima nayo pawindo, kachipangizo ka intaneti kataloza kumsewu, akuinyengerera ngati mwana wokana phala. Inayendanso. A Mphepo anakhala pomwe anali, akuwerenga mumtima mphindi zimene anataya. Zinali makumi awiri. Zikanakhala kuti zalephereka, akanadziwa amene walephereketsa, ndipo sikukanakhala koyamba.

Pa 11:51 manambala anafika kumapeto. Fainala anatsegula zimene zabwera n'kuyang'ana mbiri yake. Zonse zinalimo, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, mayina a midzi, mawu a mauthenga, zosintha mazana anayi ndi kanthu, chilichonse chili ndi dzina la Modester. Anakopera pa fulashi, n'kuiika m'thumba la bulauzi, n'kumenyapo kawiri.

"Alimi apulumuka. Fanta ija ikhale iwiri."

Anakhalanso pansi. Windo lina la pa sikirini linali likadali lotsegula, fayilo ya malonje ija ikuoneka ndi mizere yake inayi.

"Izi sizinabwere nawo," anatero. "Sizili m'pulogalamu, zili m'malo akewo. Zipita ndi seva." Anazengereza. "Ndikhoza kuzikopera, n'zazing'ono. Koma si za alimi, ndipo si zanga. Ankanena za inu. Mukati inde, nditenga. Mukati ayi, ndizisiya."

A Mphepo anayang'ana mizereyo kwa nthawi yoyamba ndi maso awo. Kuchokera pomwe anakhala sankatha kuwerenga, ankangoona kutalika kwake: itatu yaifupi, umodzi wautali. Anaganiza za a Jeremiya, ndi za Loweruka la sabata yamawa. Anaganiza za sutikesi yokhoma. Anaganiza kuti munthu sasunga kalata yomudandaula, kenako anaganiza kuti kalata ina yochokera kwa Modester analibe, ngakhale imodzi, chifukwa anthu okhala nyumba imodzi salemberana.

"Alamu?"

Wotchi inati 11:55. Panali nthawi. Anatsegula pakamwa, n'kupeza kuti mawu oyamba amene afika palilime ndi tiona. Anawabweza. Anafunafuna ena.

"Koperani," anatero.

Fainala anadina. Palibe chinasuntha. Anadinanso, ndipo pansi pa mizere ya Modester panatuluka mzere wina wonena kuti mbali inayo yatseka.

"Ayi, ayi. Sinakwane 12!" Anayesa kulowanso. Seva sinayankhe. Anayesa ndi kiyi ya a Mphepo, osayankha. "Wazimitsa msanga ameneyo. Njala yamupweteka, wathamangira tchipisi." Anayang'ana sikirini, pomwe mizere ija inali ikuonekabe. "Dikirani, ikadalipo apa, ndingoi..."

Laputopu inalira kamodzi n'kuda.

Fainala anatseka chivindikiro pang'onopang'ono.

"Ndikukumbukira zambiri," anatero. "Ndikhoza kukulemberani papepala. Za nkhwani zija sindingaiwale."

"Ayi."

"Alamu."

"Ndamva kale."

Fainala anaimirira, n'kunena kuti akupita kukafuna kotchajira kwa a Ronald owotcherera zitsulo, amene anali ndi jenereta. Pakhomo anakonza chitenje n'kutuluka.

A Mphepo anatsegula kabati n'kutulutsa buku lakuda lija. Lamulo linali loti chosintha chilichonse cha m'nkhokwe ya onse chilembedwe, ndipo kuzima kwa seva sikunafufute lamulolo. Masamba olembedwa anali atatu okha pa zaka zinayi. Anajambula mzere watsopano ndi rula. Pa chosintha analemba kuti git yaikidwa pofikira onse. Pa wopempha analemba Modester Mphepo. Pa tsiku lopempha analemba 9 Febuluwale 2010, ndipo sanafunikire kukumbutsidwa: kunali kutagwa mvula m'mawa, ndipo Modester anali ndi matope kunsapato. Pa tsiku lochita analemba 25 Okutobala 2013.

Panatsala danga lomaliza, la chifukwa chochedwera ngati chilipo. Anagwira cholembera pamwamba pake kwa kanthawi. Kenako anatseka buku, danga lili choncho, n'kupita kugolosale kukagula Fanta iwiri.